Munagona poonera filimu ya Hou Hsiao-hsien? Munayambira kumapeto

Wowerenga wina wanditumizira imelo yodandaula. Akuti anaonera The Assassin akuyembekezera ndewu za malupanga, koma tulo tinamugwira filimu isanafike pakati. Ndiye akufunsa kuti mkuluyu, Hou Hsiao-hsien, wotsogolera mafilimu wa ku Taiwan, amamutamandiranji, ndipo ayambire pati.

Achimwene, munayambira kumapeto. The Assassin, yomwe inawapezetsa mphoto ya wotsogolera wabwino koposa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2015, ndi filimu yomaliza ya a Hou, poti mu 2023 banja lawo linalengeza kuti asiya ntchito chifukwa cha matenda oiwalaiwala a Alzheimer's. Si khomo lolowera limenelo.

Yambani ndi A Time to Live, A Time to Die ya 1985, chifukwa ndi mbiri ya ubwana wawo. Anabadwa mu 1947 ku Meixian, m'chigawo cha Guangdong ku China, ndipo ali khanda banja linasamukira ku Taiwan n'kukakhazikika ku Fengshan. Akuluakulu ankayesa kuti ndi ulendo wakanthawi. M'filimuyi bambo amagula mipando yansungwi yotchipa kuti tsiku lobwerera asadzamve chisoni poitaya. Agogo aakazi amatenga mdzukulu kuti akafune njira yapansi yopita kwawo ku Meixian, ngati kuti pakati palibe nyanja, n'kubwerako ndi magwafa okha. Onsewa amafera komweko ku Taiwan. Kamera imaima patali, osasuntha, ngati mlendo waulemu amene wakhala pakhonde kuonerera zochitika m'nyumba ya eni.

Khalidwe limenelo ndi lomwe linakugonetsani, koma lili ndi ntchito yake, ndipo mudzaiona bwino mu A City of Sadness ya 1989. Filimuyi ikutsata banja la a Lin kuyambira 1945, pomwe ulamuliro wa Japan unatha, mpaka 1949. Pakati pake pali zomwe zinayamba pa 28 February 1947, asilikali a boma la Kuomintang, chipani chochokera ku China chomwe chinkalamulira Taiwan, atapha anthu zikwizikwi a pachilumbapo. Nkhaniyi inali yoletsedwa kuikamba mpaka malamulo a ulamuliro wausilikali atachotsedwa mu 1987. Patangotha zaka ziwiri a Hou anaiika pa kanema, n'kupambana Golden Lion, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice. Komatu zoopsa zenizenizo saonetsa kwambiri. Mumaona banja likudya, wina kulibe. Mumamva mfuti kuseri kwa chipupa cha ndende kamera ili pankhope ya Tony Leung, yemwe akusewera wojambula zithunzi wosamva ndi wosalankhula. Amene anakula m'nthawi ya chipani chimodzi kwathu kuno sangafune womasulira.

Sikuti zonse anapanga okha ayi. Nkhani zambiri analemba ndi mayi Chu Tien-wen, ndipo wogwira kamera Mark Lee Ping-bing anayenda nawo kuyambira 1985 mpaka pa The Assassin.

Mukatha ziwirizi, pitani ku Dust in the Wind ya 1986, kenako The Puppetmaster ya 1993, yonena za katswiri woseweretsa zidole Li Tian-lu. Flowers of Shanghai muisunge kaye, ndi yolemera kuposa yomwe inakugonetsani. Ndipo chonde musaonere pafoni. Anthu ake amakhala kutali ndi kamera moti pakagalasi kakang'ono simungadziwe amene akulira.