Musatseke siling'i a zozimitsa moto asanasuzumire

Achimwene, mwafunsa za rhino board, bolodi ya gypsum yopangira makoma ndi siling'i, yoti mugawire shopu yanu. Ndi yabwino ndithu, koma imvani kaye zimene zinandionekera ine ku Kabwata, mu Lusaka. Ndinachita lendi malo oti nditsegule kalesitilanti, kumbali kwake kuli mayi wogulitsa nsalu. Khoma lotilekanitsa ndi la kukhitchini ndinapatsa kontilakita wina wapakamwa potsekemera, uja wongoti "bwana musadandaule" chilichonse. Masiku asanu basi wamaliza, penti waa, ine kujambula n'kutumizira abale ku Chipata.

Tsiku lobwera a zozimitsa moto a khonsolo kudzayendera kuti andipatse fire certificate ndinavala mpaka jekete. Mipando ndayala, nkhuku zadzaza mufiriji, atsikana awiri ndawalemba kale ntchito. Bambo uja penti sanaiyang'ane n'komwe. Anapempha makwerero, n'kukankha siling'i, n'kulowetsa mutu ndi tochi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati kwerani muone nokha. Ndinakwera miyendo ikunjenjemera. Khoma lija linathera pa siling'i pomwepo! Pamwamba pake pululu mpaka kumalata, moti ndinkaona kuwala kwa magetsi a mushopu ya nsalu ija. Anandifunsa kuti mafuta akayaka pachitofu utsi ndi moto zidzera kuti, ine kukamwa gwa. Atatsika anamasula soketi n'kundionetsa m'mphepete mwa bolodi: 6.4mm, ija ya siling'i, munthu anaikhoma pakhoma la khitchini. Ine ndinalipira ya pinki ya 15mm yopirira moto, ndalama yake anailandira m'manja. Kuseri kwa sinki nako bolodi inali itagunda pansi, yayamba kale kufufuma ndi madzi okolopera, ukaidina ndi chala imangonyenyeka ngati chikondamoyo.

Kontilakita wakubayo foni anazimitsa tsiku lomwelo. Patapita mlungu anayankha, ati "bolodi ndi bolodi bwana, a khonsolo angofuna ya drink." Bodza lenileni, bambo uja ngakhale madzi akumwa anakana. Lendi ya miyezi iwiri ndinalipira chitseko chili chotseka, nkhuku tinadya kunyumba mpaka ana anayamba kuzikana. Munthu ameneyo ndikamuona mu Lumumba Road sindidziwa chimene ndidzachite, Mulungu andigwire dzanja.

Ndiye ine ndimati khitchini mangani ndi mabuloko, nkhani ithe. Komabe kunena zoona pokonzanso ndinaikanso rhino board, koma yoyenera, chifukwa eni nyumba anakana zomanga ndi simenti, ndipo inadutsa bwinobwino kwa a zozimitsa moto. Gypsum ili ndi madzi mkati mwake, moto ukafika amatuluka ngati nthunzi n'kuuchedwetsa, koma mphindi 60 zopirira moto zimene opanga bolodi amanena ndi za khoma lonse: makulidwe a bolodi, mbali zonse ziwiri, zitsulo zokhomerapo bolodi zosatalikirana kupitirira 600mm, mizere yomatidwa, mabowo a mawaya ndi mapaipi otsekedwa, khomalo lofika mpaka pamwamba penipeni. Konyowa ikani yobiriwira yopirira chinyezi, ndipo isagunde pansi, musiye kampata.

Pulani yosinthira mkati mwa shopu pitani nayo ku Civic Centre, kumaofesi a khonsolo, musanakhome kanthu, muwafunse khoma liti likufuna mphindi zingati. Bolodi kaguleni nokha, risiti musunge, mujambule zolemba za kumbuyo kwake isanapakidwe penti. Kontilakita akuonetseni pepala la NCC, bungwe lolembetsa makontilakita, ngakhale wangayo naye anandionetsa kapepala kena pafoni ine n'kungogwedeza mutu. Amene anadzandikonzera ndi mdala wina wa ku Kalingalinga wopanda ngakhale ofesi, amabwera pa njinga, mlingo uli m'thumba la ufa. Ndalama yomaliza musapereke mpaka setifiketi ili m'manja, ndipo makwererowo mukwere nokha.