Mliri ukagwa ku Germany, amalamula ndani?

Funso: Ndamva kuti Germany ili ndi zigawo 16, chilichonse ndi boma lake. Nanga pa Covid-19 ankamvana bwanji? Wowerenga, Zomba

Yankho: Movutikira ndithu. Kutseka sukulu ndi masitolo kunali m'manja mwa zigawo. Angela Merkel, yemwe anali mtsogoleri wa boma la dziko lonse, ankakumana ndi atsogoleri onse 16, koma zomwe agwirizana sizinkamanga aliyense mwalamulo, ndipo apa m'pamene panagona vuto: ena akabwerera kwawo ankafewetsa ziletso. Mu Epulo 2021 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inaika muyeso umodzi. Odwala atsopano m'dera akapitirira 100 pa anthu 100,000 pa sabata, masiku atatu otsatizana, deralo linkayenera kuletsa kuyenda usiku kuyambira 10 koloko mpaka 5 m'mawa. Akapitirira 165, ana ankayenera kuphunzirira kunyumba. Ziwerengerozo ankazisonkhanitsa a Robert Koch Institute, bungwe la boma loona za matenda, ngakhale kuti za Loweruka ndi Lamlungu zinkawafika mochedwa.