Peji ya shopu musamusiyire yekha mnyamatayo

Asisi imani kaye, zoti mulembe mnyamata azikuyendetserani peji ya shopu pa Facebook zo, ine mtima wangoti myuu. Ndimagulitsa nsapato ndi zikwama zooda ku msika wa Kariakoo ku Tanzania, peji anandisegulira wina wodzitcha digital marketer, amvekere mayi inu muzingojambula katundu zinazo ndisiyireni. Poyamba zimayenda osanama, maoda amachoka mpaka ku Mzuzu ndi Zomba. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 muja digital marketer uja anabwera akuti boost, ndalama zolipira Facebook kuti positi ioneke kwa anthu ambiri, yakwera poti imalipiridwa mu madola ndimuonjezere, ine ndinangoti tandionetsa malisiti a zomwe wakhala ukulipira. Basitu kutacha peji sikutsegukanso kwa ine, kani mwini wake anali iyeyo ine ndinali wongoposta.

Ndiye Loweruka lina masana shopu itadzadza anatulukira mayi wina mwana kumbuyo, kukuwa kuyambira panja kuti wakuba uja ndi ameneyu, akuti anatumiza deposit ya nsapato za operekeza ukwati wa mng'ono wake ndipo ukwatiwo wayandikira. Kutenga foni yake kuona, peji yanga yomwe ija, dzina la shopu langa, zithunzi zake manja anga akuoneka nditagwira nsapato mpaka mphete yanga, koma nambala yolandirira ndalama ya munthu wina. Anzanga a mashopu oyandikana anatuluka onse, wina akujambula video, kasitomala amayesa nsapato anangovula n'kuyika pansi osatsanzika, ine pakamwa gwa kufotokoza kukukanika, mwana uja nayenso wayamba kulira. Ndinatsegula kabati n'kubweza ndalama zomwe sindinadye kuti mayiyo angochoka, ndipo sanali yekha, ena amabwerabe mmasiku otsatira.

Wondisegulira peji uja, munthu ndimamugulira bando, nsima ya masana amadya pa shopu panga pomwepo, lero akuposta mawu olimbikitsa achinyamata kuti azilimbikira ntchito, ati CEO. Mulungu akumuona ameneyo.

Peji mutsegule nokha pa akaunti yanu, nambala ndi imelo zikhale zanu, muyatse two-factor ija yotumiza kodi pa foni, mnyamatayo mumupatse mphamvu yongoposta ndi kuyankha mauthenga osati full control, chifukwa wa full control amatha kukuchotsani inuyo. Boost muzilipira ndi khadi lanu la ku banki muziona zomwe zadulidwa. Makasitomala muziwauza pafupipafupi kuti potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba aziona dzina lomwe latuluka asanayike PIN. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, koma opanda ma screenshot mukanena chani, sungani chilichonse ngakhale chat ya moni.

Musakhulupirire munthu pa nkhani ya password, ngakhale wa ku tchalitchi kwanu. Komatu nokha simungathe, inbox imalira mpaka pakati pa usiku anthu kufunsa mtengo womwe walembedwa kale pa chithunzi, panopa amandigwirira ndi mwana wa achemwali anga, password ali nayo, koma uyo ndi wapakhomo. Ndipo kunena zoona ndalama zambiri panopa zikulowera ku status ya WhatsApp Business, peji yatsopano yomwe ndinatsegula yangokhala yoti anthu apezepo nambala. Mnyamata wanuyo akupatseni mapeji omwe anagwirapo, eni akewo muwayimbire nokha.