Mowa wa ku Sumer unali pafupi ndi masese kuposa wa m'botolo

Mwafunsa ngati mowa wakale wa ku Mesopotamia ndi ku Iguputo unkafululidwa ndi zinthu zofanana ndi za mowa wa m'mabotolo wa lero. Ine ndikuona kuti munthu wa ku Sumer, dera la kum'mwera kwa Mesopotamia, atapatsidwa chipanda cha masese angachizindikire msanga, koma mowa wa m'botolo angaudabwe.

Mbewu sizinasinthe kwambiri. Anthu a ku Sumer, kumene lero ndi ku Iraq, ankagwiritsa ntchito chimera cha barele pamodzi ndi mkate wotchedwa bappir, monga imanenera nyimbo yotamanda mulungu wawo wamkazi wa mowa, Ninkasi, yolembedwa zaka pafupifupi 1,800 Yesu asanabadwe. Mowawo unkakhala ndi nsenga ndi mankhusu oyandama, n'chifukwa chake zithunzi zawo zimaonetsa anthu atazungulira mtsuko umodzi, aliyense akuyamwa ndi bango lalitali. Aiguputo ankawonjezera mtundu wakale wa tirigu, ndipo kwa iwo mowa unali chakudya chimene antchito ankalandira ngati malipiro.

Chimene kunalibe ndi hops, maluwa a chomera choyanga amene amawawitsa mowa wamakono ndi kuuteteza kuti usasase msanga. Kutchulidwa kwake koyamba pa nkhani yofulula kuli m'malamulo a nyumba ya amonke ya ku Corbie, ku France, m'chaka cha 822. Hops asanafale, ofulula ambiri a ku Ulaya ankathira zitsamba zosakaniza zotchedwa gruit.

Koma kusiyana kwakukulu, m'kuona kwanga, kuli pa yisiti. Lamulo la mowa la ku Bavaria, ku Germany, la 1516 linalola madzi, barele ndi hops basi, osatchula yisiti, popeza nthawi imeneyo anthu anali asanadziwe kuti chowiritsa mowa ndi chamoyo. Akale ankadalira yisiti wa mumpweya ndi wotsalira m'mitsuko, monganso amayi ofulula masese amakhulupirira mbiya yakale kuposa yatsopano, ndipo pamodzi ndi yisitiyo munkalowa mabakiteriya opatsa mowa kukoma kowawasa. Mowa wotere sunkakhalitsa, ndipo wa lero sunkafanana ndi wa mawa. M'chaka cha 1883 wasayansi wina dzina lake Emil Christian Hansen anapatula mtundu umodzi wokha wa yisiti pa fakitale ya Carlsberg ku Copenhagen, kampani yomweyo imene inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968.

Masese athunso anasintha. Chimanga chinachokera ku America pambuyo pa chaka cha 1492, choncho makolo akale ankameretsa chimera cha mapira ndi mawere.