Musawaviike m'madzi masitampa a masikautiwo, achemwali

Imelo ya achemwali ena a ku Matawale yagona sabata ziwiri ndisanaiyankhe, ndipo si ulesi ayi. Inanditokosa pachilonda. Akuti azakhali awo, amene ndi namwino ku Sheffield ku Britain, anawabweretsera maenvulopu a makadi a Khirisimasi okhala ndi masitampa a masikauti a kumeneko. Ndiye mnzawo wina wawauza kuti amenewo si masitampa enieni, ndi zomatamata za ana. Akufunsa: awasunge chonchi, amatule masitampa okhawo, kapena angotaya?

Mawu akuti "si enieni" amenewo, achemwali, ine ndinawamva ndili Sitandade 7, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira nsima imandikanika.

Ndinakulira konkuno ku Zomba. Likulu linali litasamukira kale ku Lilongwe mu 1975, koma maofesi ambiri a boma anali akadalipo, aphungu a Nyumba ya Malamulo ankakumanabe kuno, ndiye makalata ankabwera matumbamatumba. Ife tikaweruka kusukulu sitinkalunjika kunyumba. Tinkazembera kuseri kwa maofesi kukatola maenvulopu padzala amesenjala asanayatse moto. Panali mesenjala wina wachikulire, wa kabudula wa khaki wosita mpaka mphuno zake kuthwa ngati mpeni, amene ankatisungira akunja m'thumba la malaya. Akatiwona ankangoti "anyamata a masitampa aja mwabwera," n'kutulutsa imodzi imodzi ngati akugawa masiwiti. A mbalame a Malawi tinali nawo osawerengeka, moti asanu ankagula imodzi ya ku Zambia, ndipo ya ku Joni yokhala ndi duwa inkatha kukudyetsa zitumbuwa sabata yathunthu. Tinkawaviika m'mbale ya madzi, kuwayanika panyuzipepala, kenako kuwamata m'kope lakale la masamu ndi phala la ufa wa chinangwa. Mphemvu zinkatiyamika kwambiri chifukwa cha phalalo.

Chaka china achinyamata a kutchalitchi kwathu tinafuna ndalama zogulira sopo ndi shuga zokapereka kwa odwala pa Khirisimasi. Mayi amene ankatiyang'anira anabwera ndi nzeru. Mukudziwa kuti kwathu kuno positi sifika pakhomo, kalata imathera m'bokosi, ndipo ambiri keyala yawo inali ya kuntchito, ya kusukulu kapena ya kumpingo. Khadi lochokera ku Chinamwali kupita ku Sadzi, mtunda woti mwana athamange, linkakagona m'bokosi la sukulu yotsekera mpaka Januwale. Mayiwo anati ife tizitenga makadiwo n'kukawapereka m'manja, munthu azilipira timatambala tochepa, ndipo chizindikiro chakuti walipira chikhale sitampa yathuyathu.

Mnzanga wina wa luso la manja anatenga patapata wakutha, n'kusemapo ndi lezala phiri la Zomba ndi nyenyezi pamwamba pake. Inki tinabwereka ya padi ya chidindo, yofiirira ngati madzi a nthudza. Tinadinda pamapepala a taipi usiku ndi nyali ya koloboyi, ndipo mtsikana wina anaganiza zowadutsitsa pamakina osokera a mayi ake opanda ulusi kuti m'mbali mukhale timabowo ngati ta masitampa a boma. Singano ziwiri zinathyoka. Popha sitampa kuti isagwirenso ntchito tinkangolembapo tsiku ndi bolopeni.

Kukapereka kwake ndiye kunali nkhani. Disembala wa ku Zomba mukumudziwa, mvula yochokera kuphiri ija yosapereka moni. Makadi tinkawakulunga m'pepala la pulasitiki la shuga n'kuwabisa mkati mwa malaya. Keyala zake zinali ngati izi: "kuseri kwa chigayo, nyumba ya mtengo wa mapeyala, mufunse kwa anamwino." Galu wa kwa anamwinowo anandisiyira chipsera pakatumba chimene ndili nachobe. Koma gogo wina ku Chikanda atalandira khadi la mdzukulu wake anatikhazika pamphasa, kutiphikira tiyi, n'kutiuza kuti moyo wake wonse kalata inali isanamupezepo pakhomo.

Ine ndinasungako maenvulopu khumi ndi limodzi amene anthu anandibwezera nditawapempha. Ndiye ndinachita zimene ndinazolowera. Ndinawang'amba pakona, n'kuponya m'mbale ya madzi. Sipanathe mphindi, madzi onse anali ofiirira, phiri lasungunuka, nyenyezi kulibe. Atatu okha anatsala ooneka pang'ono. Atatuwo ndinapita nawo kwa mphunzitsi wina amene anali ndi buku lalikulu la ku London la Stanley Gibbons, lija limandandalika masitampa a mayiko ndi mitengo yake. Sanalitsegule n'komwe. Anangowayang'ana chapatali n'kunena kuti, "Izi m'bukumu mulibe. Si masitampa enieni." Madzulo ake ndinayatsira mbaula.

Lero ndilibe ngakhale imodzi. Ndafunsa anzanga onse amene tinkayenda nawo m'matope muja, wa patapata uja anamwalira, ena sakumbukiranso kuti inki inali ya mtundu wanji. A mbalame aja amene ndinkawalemekeza, mukhoza kuwapeza pa intaneti mulu wonse pamtengo wa botolo la Fanta. Amene ndinatentha aja kunalibe ena padziko lonse.

Mphunzitsi uja sananame kwenikweni, ndisamunamizire. Sitampa ya gulu la achinyamata singaolotse kalata malire a dziko, si boma lomwe laitulutsa, ndipo otolera masitampa amaiika m'gulu limene amalitcha cinderella kapena local post. Chimene ndikukana n'chakuti buku la ku London ndilo lizitiuza chofunika kusunga. Ndipo amene amanyoza za ana aiwala kumene nkhaniyi inachokera. Tauni ya Mafeking ku South Africa itazingidwa ndi Mabunu masiku 217, kuyambira Okutobala 1899 mpaka Meyi 1900, anyamata ndiwo ankayendetsa makalata m'taunimo panjinga. Masitampa anasindikizidwa momwemo mu 1900, abuluu, opangidwa ngati mmene amatsukira zithunzi. Ya kobiri limodzi inali ndi mnyamata Warner Goodyear ali panjinga yake, ya makobiri atatu inali ndi nkhope ya Baden-Powell, yemwe uja anadzayambitsa masikauti zaka zingapo pambuyo pake. Ku Prague mu Novembala 1918, dziko la Czechoslovakia litangobadwa, masikauti ndiwo ankanyamula makalata a boma latsopanolo, ndi masitampa awoawo. Ku Warsaw, ku Poland, pa nkhondo mu 1944 ana a sikauti ankadutsa m'mabwinja zipolopolo zikulira kukapereka makalata a mabanja, ena anafera momwemo. Zomatamata za ana zimenezo?

Ngakhale kwathu konkuno. Mu 1898, dziko lino likutchedwa British Central Africa, masitampa a kobiri limodzi anasowa. Akuluakulu a positi anatenga chidindo chodindira macheke, n'kuchidinda pakati pa timapepala tolembedwa INTERNAL POSTAGE, ndipo oyambirira ake mkulu wa positi ankasainira kumbuyo ndi dzanja kuti anthu asapange abodza. Mukaiona sitampa imeneyo ndi yosaoneka bwino kuposa ya patapata wathu. Koma ili m'buku, ndipo anthu amailimbirana ndi ndalama zambiri. Kusiyana kwake ndi kwa yemwe anagwira chidindo, basi.

Ndikakwera minibasi kupita ku Blantyre ndimasuzumira pa Namaka, pali kanyumba kaja kamene amtengatenga onyamula makalata wapansi ankapumulirapo pakati pa Zomba ndi Blantyre, kamene anakasandutsa kosungira mbiri ya positi. Okwera anzanga maso amakhala pafoni. Sindikuwaweruza, nanenso khadi la Khirisimasi ndinalandira komaliza liti? Zonse ndi zithunzi za pa WhatsApp zimene zimafufutika foni ikadzaza. Koma ife a ku Zomba tikanayenera kukhala oyamba kudziwa kuti pepala likapita lapita. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma kuno ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinapsera momwemo. Ndipo ndi tauni yomweyi imene ikusunga National Archives, kosungira zolembedwa zakale za dziko lino. Amene amafufuza mbiri kumeneko akuuzani kuti chimene chimavuta kupeza si chikalata cha bwanamkubwa, ndi kapepala ka munthu wamba, ka lisiti, ka tikiti, kamene aliyense ankati n'kopanda ntchito.

Za maenvulopu a azakhali anuwo

Ku Britain, kuyambira 1981, lamulo linalola mabungwe achifundo kunyamula makadi a Khirisimasi pakati pa 25 Novembala ndi 1 Januwale, ntchito imene kale inali ya positi ya boma yokha. Masikauti a m'mizinda ngati Sheffield ndi Cardiff anailumphira. Kumene mwambowu ukadalipo, amasindikiza masitampa awo, amawagulitsa m'timasitolo ta m'dera pamtengo wotsika kuposa wa Royal Mail, positi yaikulu ya dzikolo, amaika mabokosi momwemo, n'kumasankhula makadiwo m'maholo mwawo. Ana ndi makolo awo ndiwo amakaponya m'makomo, m'dera lawo lokhalo, ndipo ndalama zimapita ku gulu lawo ndi ntchito zachifundo. Masitampawo amasintha chaka ndi chaka, gulu ndi gulu, ndipo Khirisimasi ikadutsa maenvulopu ambiri amapita kudzala. N'chifukwa chake imene inayendadi, yokhala ndi chidindo cha gululo, ndi imene otolera amaifuna kuposa sitampa yongomatula.

Ndiye musamatule, musaviike, musadule ndi sizasi. Envulopu ikhale yathunthu. Selotepu ndi guluu zisayandikire. Tengani pensulo, osati bolopeni, mulembe pa kapepala kapadera chaka, mzinda ndi gulu limene linatulutsa, azakhali akadakumbukira, n'kukalowetsa mkatimo. Chinyontho cha kuno ndi mdani, choncho asagone m'sutikesi ya pansi pa bedi yogundana ndi khoma. Muike pepala loyera pakati pa envulopu iliyonse, m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera, ndipo muzitsegula nyengo yadzuwa kuona ngati njenjete zalowa. Za ndalama ndisakunamizeni, ambiri mwa amenewa sagula ngakhale thumba la makala.

Mwatchulanso kumapeto kuti achinyamata a kwanu akufuna kuyesa zomwezi. Lamulo lija ndi la ku Britain, si lathu. Kuno kunyamula makalata a anthu molipiritsa kumayang'aniridwa ndi MACRA, bungwe loona za positi ndi mauthenga, ndiye mukayambe mwafunsa kumeneko musanaseme patapata. Ife tinkangochita mwaumbuli. Akakulolani, gwiritsani inki yosasungunuka, ndipo pepala loyamba kudinda muliike padera lisadulidwe.

Ndipo ngati pali wina wa ku Chikanda, ku Sadzi kapena ku Chinamwali amene m'Baibulo la agogo ake muli envulopu yokhala ndi kasitampa kofiirira, phiri lopendekeka pang'ono kumanzere ndi nyenyezi ya nsonga zinayi chifukwa yachisanu lezala linaidya, chonde ndijambulireni. Sindikulandani, ndingofuna ndione.