Chimbale cha Semisonic: ndi mkute kapena nsima yophika lero?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Mukufuna kudziwa kuti power pop nchiyani, komanso ngati chimbale chatsopano cha gulu la Semisonic chomwe mwachipeza pa Spotify, chotchedwa Little Bit of Sun, nchoyenera kuchitayira data, kapena ndi mkute chabe wa madoda amene m'thumba mwawauma. Ndaona wina pamwambapa wayankha kale kuti gulu lililonse lobwerera patapita zaka ndiye kuti labwera ndi njala. Kawirikawiri zimakhaladi choncho, koma pa gulu ili bwanawo aphonya, ndipo mundilole nditalikitseko.

Tiyambe ndi chosavutacho. Power pop ndi nyimbo za magitala amagetsi olira mwamphamvu, koma pakati pake pali kanyimbo kokoma koti mwana akhoza kukaloweza atakamva kawiri. Nyimbo imatha mphindi zitatu kapena zinayi, kolasi imafika msanga, ndipo mawu a oyimba awiri kapena atatu amalukana pamwamba pa phokoso lonselo. Dzinali analitchula Pete Townshend wa The Who mu 1967 pofotokoza zomwe gulu lake linkayimba, koma linadzamatirira pa magulu a m'ma 1970 amene anakulira pa nyimbo za Beatles: Badfinger, Raspberries, Big Star ya ku Memphis, Cheap Trick ya ku Rockford, ndi The Knack, amene "My Sharona" yawo inavuta mu 1979. Tsoka la mtundu umenewu ndi lakuti umakondedwa kwambiri ndi oyimba anzawo kusiyana ndi anthu ogula. Big Star zimbale zake sizinayende malonda pomwe zinkatuluka, koma magulu ankhaninkhani amene anabwera pambuyo amaitchula ngati kholo lawo.

Semisonic ndi adzukulu a mbumba imeneyo. Ndi anthu atatu a ku Minneapolis, ku America: Dan Wilson amayimba ndi kuliza gitala, John Munson ali pa besi, Jacob Slichter ali pa ng'oma ndipo nthawi zina amagwiranso kiyibodi. Wilson ndi Munson ankayimbira limodzi m'gulu lina, Trip Shakespeare, ndipo litatha gululo kumayambiriro kwa ma 1990 ndi pomwe anatenga Slichter. Chimbale chawo choyamba, Great Divide, chinatuluka mu 1996 ku kampani ya MCA, olemba nyuzi anachiyamikira, ogula anachidutsa. Chachiwiri, Feeling Strangely Fine cha 1998, ndi chomwe chinabereka "Closing Time", nyimbo yomwe ngakhale amene sadziwa dzina la gululi anaimvapo mufilimu kapena pabala ikamatsekedwa. Inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za rock yamakono ku America ndipo inapikisana nawo pa mphoto za Grammy. Inu amene munali ku Britain chakumapeto kwa ma 1990 mwina mukukumbukira kwambiri "Secret Smile", chifukwa kumeneko ndi imeneyo inagwira mawailesi mu 1999. Ine ndinawadziwira pa CD ya mkulu wanga, yokandikakandika, yomwe inkadumpha pa nyimbo yachitatu mpaka ndinaloweza kudumphako ngati mbali ya nyimboyo.

Chachitatu, All About Chemistry, chinatuluka mu 2001. Muli nyimbo yomwe Wilson analemba ndi Carole King, katswiri wolemba nyimbo, si masewera, koma ku America sichinayende ngati chinzake chija. Kuchokera pamenepo, zii. Sanakangane pagulu, sanalengeze kuti gulu latha, anangopachika zida. Mukafuna kumvetsa mmene gulu logulitsa zimbale zochuluka chotero limatsalira lopanda kanthu, Slichter analemba buku mu 2004, So You Wanna Be a Rock & Roll Star, momwe akufotokoza kuti ndalama zomwe kampani imawononga pojambula, pokonza mavidiyo ndi pokopa mawailesi kuti aziliza nyimbo yanu, zambiri zimalembedwa ngati ngongole yanu. Mumakwera ndege, mumagona m'mahotela apamwamba, mukuona ngati mwalemera, osadziwa kuti mukudya mbewu.

Tsono pa nkhani ya njala ija. Gulu litakhala chete, Dan Wilson sanabwerere kumudzi kukalima. Anasanduka mmodzi mwa alembi a nyimbo ofunidwa kwambiri ku America. Nyimbo ya Dixie Chicks, "Not Ready to Make Nice", yomwe inapata Grammy ya nyimbo yapamwamba ya chaka mu 2007, analemba nawo ndi iyeyo. "Someone Like You" ya Adele, ija munalira nayo mu 2011 chibwenzi chitakuthawani (musakane, tikudziwana), anailemba Adele ndi Dan Wilson, ndipo piyano yomwe mumamva m'nyimboyo akuliza ndi Wilson yemweyo. Analembanso ndi Taylor Swift pa chimbale cha Red mu 2012. Ngakhale posachedwapa, "White Horse" yomwe analemba ndi Chris Stapleton inapata Grammy mu 2024. Munthu wotereyu sangadzutse gulu la anthu atatu, lomwe ambiri amalidziwa ndi nyimbo imodzi, chifukwa choti ufa wathera m'nyumba. Kunena zoona, tsiku lililonse lomwe anathera pa Semisonic likanamubweretsera zambiri akanalithera m'chipinda ndi katswiri wina wachinyamata wofuna nyimbo.

Ndiye funso labwino si lakuti abwereranji, koma lakuti anachedweranji zaka 22 zonsezi. Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. Wilson mwiniwake wakhala akunena pofunsidwa kuti kwa zaka zambiri ankayesa kulembera Semisonic koma sizinkatheka, nyimbo zinkatuluka zabwinobwino koma zosamveka ngati za gululo. Taganizani telala amene kwa zaka 15 wakhala akusokera anthu ena, aliyense ndi muyeso wake: uyu wamapewa aakulu, uyu wamfupi, uyu akufuna ya ukwati. Tsiku lina akuti adzisokere yekha malaya, akupeza kuti muyeso wake anauiwala. Luso lilipo, mwina lachita kuposa kale, koma dzanja lazolowera matupi a eni. Wolembera ena amaphunzira kudzibisa, kuti nyimbo ikatuluka imveke ngati yatuluka m'chifuwa cha Adele osati mwake. Gulu limafuna zosiyana ndi zimenezo. Limafuna kuti iweyo uonekere, ndi zilema zako zomwe, ndiponso usiye malo oti wa besi ndi wa ng'oma alowetsepo zawo.

Chinamutsegula mutu, malinga ndi iye, chinali chinthu choseketsa. Anakumana ndi Liam Gallagher, uja wa Oasis, pa nkhani yomulembera nyimbo. Anakhala pansi nkulemba akuganizira munthu woyimba patsogolo pa gulu la magitala, nyimbo zosazungulira, zolunjika. Nyimbozo sizinathere kwa Gallagher, koma pozimvetseranso anazindikira kuti zikumveka ngati za Semisonic. Telala uja anapeza muyeso wake akusokera munthu wina wofanana naye thupi. Mu 2017 atatuwa anayimbanso pamaso pa anthu kwawo ku Minneapolis, mu 2020 anatulutsa kachimbale ka nyimbo 5 kotchedwa You're Not Alone, kenako mu November 2023 ndi pomwe Little Bit of Sun chinatuluka, cha nyimbo 12. Choncho "chatsopano" chanucho chagonako pang'ono, koma poyerekeza ndi 2001 ndi cha dzulodzuloli.

Nanga chikumveka bwanji? Ndikuuzani maganizo anga, ena atsutse.

Choyamba chomwe chinandikhazika mtima pansi nchakuti sanayese kuphikanso "Closing Time". Mulibe nyimbo yomwe ikuchita kukutsinzinira diso kuti "mukukumbukira 1998?" Mkute weniweni umadziwika ndi zimenezo: gulu limatenga nyimbo yake yotchuka, kuisintha mawu pang'ono, nkuipatsa dzina lina. Apa ayi. Wilson anabadwa mu 1961, ndiye kuti chimbalechi chinatuluka ali ndi zaka 62, ndipo akuyimba ngati munthu wa zaka zimenezo, za kupirira, za ubwenzi wokhalitsa, za zinthu zomwe sizinayende mmene ankayembekezera. Ina mwa nyimbozo mutu wake ndi womwewo, "It Wasn't Like We Hoped It Would Be". Mawu a Wilson sanagwe, akadali opepuka ndi okwera monga kale, ndipo Munson akamamuthira mawu achiwiri umamva kuti anthuwa ayimbira limodzi kuyambira ali anyamata. Chimenecho sichigulidwa. Mukhoza kulemba ganyu oyimba aluso kuposa Munson, koma kulukana kwa mawu kwa anthu amene adziwana zaka zoposa 30 kuli ndi kafungo kake.

Ngati mukufuna power pop yeniyeni, ya magitala ndi liwiro, yambani ndi "The Rope". Imeneyo ndi yomwe ndimabwereza ndikakhala pamzere wa magalimoto, ndipo ikanatuluka mu 1998 sindikukayika kuti mawailesi akanailanda. "Grow Your Own" ndi ya anthu amene anayambapo kagulu koyimba m'galaja kapena kuseri kwa tchalitchi, yolimbikitsa kuti ngati nyimbo zomwe ukufuna kulibe, panga zako. Pa "Out of the Dirt", yomwe Wilson analemba ndi Lori McKenna, gitala akuliza Jason Isbell, ndipo pa yotsekera, "Beautiful Sky", pali Jim James wa My Morning Jacket. Alendowa sanabwere kudzalanda nyumba. Ukapanda kuuzidwa, mwina sungadziwe nkomwe kuti alipo, ndipo kwa ine chimenecho ndi chiyamikiro.

Koma ndisakunamizeni kuti chonse ndi uchi. Chili ndi vuto la anthu odziwa ntchito mopitirira. Paliponse pasalala, palibe msoko wotuluka ulusi. Great Divide chinali ndi kaukali kena, kaphuma ka anyamata ofuna kudzionetsa, komwe nthawi zina kankawalakwitsa koma kankakudzidzimutsa. Muno mulibe chokudzidzimutsa. Chapakati pali nyimbo zingapo zoyenda pang'onopang'ono zotsatana, zokoma ndithu, koma ukamatsuka mbale ukhoza kupeza kuti ziwiri zadutsa osazindikira pomwe ina yathera. Ndikanakhala ine, ndikanachotsapo ziwiri nkuikamo ina yothamanga ngati "The Rope". Ndiponso amene mumafuna nyimbo zokwiya, zotukwana dziko, pano mulibe zanu. Wilson ndi munthu wachiyembekezo mpaka nthawi zina umafuna kumugwedeza kuti bambo, tadandaulaniko pang'ono.

Kuti muone kusiyana kwake, yerekezani ndi magulu ena a mtundu womwewu amene anabwerera. Big Star inatulutsa In Space mu 2005, koma mwa oyambitsa anatsala awiri okha, Alex Chilton ndi Jody Stephens, ena awiriwo anachokera ku gulu la The Posies, ndipo ambiri okonda gululo anachilandira mozizira. The Cars anabwerera mu 2011 ndi Move Like This, patapita zaka 24, koma Benjamin Orr, amene ankaliza besi ndi kuyimba zina mwa nyimbo zawo zokondedwa, anali atamwalira mu 2000, ndipo mpando wake umachita kumveka kuti uli wopanda munthu. Ena zinawayendera bwino: mu 2012 The dB's anabwerera ndi oyambitsa onse anayi, ndipo chaka chomwecho Redd Kross anatulutsa Researching the Blues patapita zaka 15, chaphokoso ngati sanachokepo. Ndikaziona zonsezi, zomwe zimandigwira mtima ndi zija zomwe anthu ake ndi omwe aja ndipo ali ndi nyimbo zoti sakanatha kuzipereka kwa wina. Semisonic ndi atatu omwe aja a 1996, palibe wolowa m'malo, palibe mwana wa malemu wogwirizira dzina.

Mmene mungachimvetsere, poti mwati gululi mumalidziwa ndi nyimbo imodzi: musayambe ndi chatsopanochi. Mverani kaye Feeling Strangely Fine chonse, makamaka "Singing in My Sleep", yomwe kwa ine imaposa "Closing Time" kutalitali. Mukatero dumphani kupita ku Little Bit of Sun, muchimvetsere kawiri, kachiwiriko muli ndi zomvera za m'makutu kuti besi ya Munson imveke, chifukwa pa sipika ya foni imasowa ndipo theka la kukoma kwake lili pamenepo. Ngati data ndi yoperewera, tsitsani zitatu zokha: "The Rope", "Grow Your Own" ndi "Beautiful Sky".

Ndisanaiwale, za "Closing Time" ija. Anthu akhala akuiliza potseka mabala kwa zaka zoposa 25, koma Wilson anaulula kuti ankailemba iye ndi mkazi wake akuyembekezera mwana wawo woyamba, ndipo pansi pa nkhani ya balayo anabisamo nkhani ya kubadwa, munthu kutulutsidwa pamalo ofunda pomwe anazolowera. Kaimvereninso mukudziwa zimenezi, kenako mubwere mutiuze ngati mwaimva chimodzimodzi. Ndipo bwana munati ndi njala aja, "The Rope" ikukudikirani.