Vuto loti ukaliyang'ana limathawa: yankho kwa mnyamata wa ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Mufakose, wobadwira konkuno ku Harare koma makolo ake kwawo ndi ku Ntcheu. Analemba kapulogalamu m'chinenero cha makompyuta cha C, kosunga zogulitsa pa shopu ya amalume ake ku Mbare, ndipo pofuna kuti kazithamanga anagwiritsa ntchito io_uring, njira ya Linux yotumizira ntchito zowerenga ndi kulemba pa disiki osadikira kuti iliyonse ithe. Pa laputopu yake ya SSD kanayenda mwezi wathunthu bwinobwino. Atakaika pa kompyuta yakale ya ku shopu, ya disiki yozungulira ija, zinthu zinasintha. Nthawi zina zogula za kasitomala mmodzi zikulembeka kawiri, za mnzake osaoneka. Magetsi akazima, zogulitsa zomalizira zimasowa ngakhale pulogalamu inali itanena kale kuti zasungidwa. Ndiye funso lake, lokhudza printf, lamulo la C losindikiza uthenga pa sikirini: "Ndikaika printf kuti ndione chikuchitika, vuto la kusokonekera lija limasiya. Ndikachotsa limabwerera. Ndingaligwire bwanji?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo mwalemba momveka. Mavuto anu ndi awiri osiyana, ndipo palibe mwa awiriwa lomwe ndikuliika pa kompyuta yakaleyo. Iyo yangoulula zomwe laputopu inkakubisirani.

Tiyambe ndi la kusokonekera. io_uring inalowa mu Linux 5.1 m'chaka cha 2019, ntchito ya Jens Axboe. Isanabwere tinali ndi io_submit ndi io_getevents, zomwe zinkachita bwino pokhapokha fayilo ukaitsegula ndi O_DIRECT, komanso POSIX AIO ya mu glibc yomwe kumbuyo kwake ndi ma thread wamba, timagawo ta pulogalamu togwira ntchito pambali. io_uring ili ndi mizere iwiri yomwe pulogalamu yanu imagawana ndi kernel, mtima wa Linux womwe umalankhula ndi disiki: wina mumaikamo mapempho, wina kernel imaikamo mayankho. Mfundo yomwe ambiri timaiwerenga koma osaimva mumtima ndi yakuti io_uring_submit, function yotumiza mapempho, ikabwerera, sikuti ntchito yachitika. Mwangopereka pempho basi. Kernel ikhoza kuligwira pompo, ikhozanso kulipatsira thread yake ina kuti iligwire pambuyo pake, ndipo mayankho sabwera motsatira ndondomeko yomwe munatumizira.

Ganizirani ku chigayo. Mwasiya thumba la chimanga pa mzere, mwapita kukagula tomato. Thumbalo silili m'manja mwanu mpaka wachigayo atakuitanani. Mukabwerera msanga, n'kukhuthula chimangacho, n'kuthiramo cha anthu ena m'thumba lomwelo, wachigayo adzagaya chomwe wachipeza. Buffer yanu, malo a m'memory omwe mumaikamo zoti zilembedwe, ndi thumba limenelo. Kuchokera pa zomwe mwafotokoza, ndikukhulupirira kuti muli ndi buffer imodzi, mwina ya pa stack, yomwe mumalembamo zogula za kasitomala, n'kutumiza pempho, n'kuyamba kulembamo za wotsatira yankho lisanabwere. Pa laputopu kernel imakhala itatenga kale zake musanafike pa kasitomala wachiwiri. Pa kompyuta yolema ija, inu mumafika poyamba. printf imachedwetsa pulogalamu yanu pang'ono chabe, koma kuchedwa kumeneko n'kokwanira kuti kernel ikupitirireni, vuto n'kubisala. Ine ndinataya masabata atatu pa vuto lomweli kale kwambiri, pa ntchito ina, ndikuimba mlandu disiki yosalakwa, ndipo mpaka lero ndikamva kuti "ndikaika printf zimasiya" ndimayamba kufunsa za buffer.

AddressSanitizer, chida chogwira zolakwika za memory, sikuthandizani kwenikweni apa, chifukwa imayang'anira zomwe code yanu ikuchita, osati zomwe kernel ikuwerenga kapena kulemba m'memory yanu. Njira yomwe ndimaikonda ndi iyi. Poyesa, buffer iliyonse ikhale ndi page yakeyake, kachigawo ka memory kotheka kutsekedwa pakokha, itengeni ndi mmap kapena posix_memalign. Musanatumize pempho lolemba, itsekeni ndi mprotect kuti ikhale yongowerenga. Kernel iwerenga popanda vuto, koma code yanu ikangoyesa kulembamo yankho lisanabwere, pulogalamu igwa pomwepo ndi SIGSEGV, ndipo gdb, chida chofufuzira zolakwika, ikuonetsani mzere weniweni wolakwa. Yankho likafika mutsegulenso. Vuto lomwe linkabwera kamodzi pa sabata lidzabwera pa kasitomala wachiwiri.

Mukadali pomwepo, yang'anani momwe mukulandirira mayankho. Pempho lililonse lili ndi malo otchedwa user_data, ndipo zomwe mwaikamo zimabwerera pa yankho. Ndi njira yokhayo yodziwira kuti yankho ili ndi la pempho liti. Kuwerenga kuti "lachitatu kubwera ndi lachitatu kutumiza" n'kudzinamiza. Ndipo nambala ya res, yomwe imabwera pa yankho lililonse, muziiwerenga nthawi zonse. Ikakhala yotsika pa ziro, ndi nambala ya vuto, errno, yotembenuzidwa, monga -EIO kapena -ENOSPC. Ikakhala yaying'ono kuposa zomwe munapempha, ndiye kuti zalembedwa zochepa, zotsalazo mutumizenso nokha. Ambiri sayesa njira imeneyi chifukwa pa disiki yabwino sichitika pafupifupi konse.

Mawu akuti "sichitika pa disiki yabwino" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Pulogalamu yotere siyesedwa pa disiki yomvera. Muyenera kupanga disiki yamwano, yochedwa, yosokoneza ndondomeko, yokana ntchito, ndipo yochita mwano womwewo nthawi iliyonse mukaiuza.

Chitani chonchi. Pakati pa pulogalamu yanu ndi liburing, library yomwe mumaitanira io_uring, ikani kachigawo kakang'ono ka ma function awiri kapena atatu: lotumiza pempho, lodikira yankho. Pulogalamu yonse izidutsira pamenepo. Kenako lembani kachigawo kachiwiri kooneka chimodzimodzi koma kabodza. Kameneka kamasunga mapempho m'thumba lake osawagwira, ndipo mukapempha yankho kamasankha limodzi mwachisawawa, n'kuligwira ndi pwrite wamba pa nthawiyo, osati pomwe munatumiza. Nthawi zina kazilemba theka lokha. Nthawi zina kazibweza -EIO. Nthawi zina kazisunga pempho limodzi mpaka ena 100 atadutsa. Kusankha konseku kuchokere pa nambala imodzi yoyambira, imene amaitcha seed, ndipo nambalayo muziisindikiza poyamba. Yendetsani mayeso 10,000 usiku umodzi, lililonse ndi seed yake. Limodzi likalephera, muli ndi nambala yomwe ikubwezerani kulephera komweko mawa ndi mkuja, ngakhale mutaika printf zingati, chifukwa tsopano ndondomeko sikudaliranso liwiro la makina. Anthu a SQLite, database yaying'ono yodziwika bwino, amachita zofanana ndi izi: ali ndi chigawo chabodza cholowa m'malo mwa OS, chomwe chimalephera dala pa ntchito yoyamba, kenako yachiwiri, kenako yachitatu, mpaka njira iliyonse yolepherera itayesedwa. Ntchito ya kachigawo aka ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo palibe china chomwe ndikuuzeni lero choposa pamenepa.

Kuti mayesowo adziwe okha kuti zalakwika, mzere uliwonse m'fayilo uzidzitchula. Ikani kumutu kwake nambala yotsatana, malo omwe unayenera kukhala m'fayilo, ndi crc32c ya zamkati, nambala yowerengedwa kuchokera pa zamkatizo yomwe imasintha zikawonongeka. Mukatero, kapulogalamu kowerenga fayilo kakuuzani osati kungoti "zawonongeka", koma kuti mzere 812 uli pa malo a 811, kapena kuti pano pali ziro zokhazokha. Kusiyana kumeneko kumakulozerani komwe vuto lili. fio, chida china cha Axboe yemweyo choyesera disiki, imachita zomwezi mukaipatsa verify=crc32c. Iyendetseni pa kompyuta ya ku shopu ndi ioengine=io_uring ndi iodepth=32, pa fayilo yoyesera, osati pa disiki yonse, chifukwa mukailozera pa disiki yeniyeni ifufuta zonse za amalume. Onaninso dmesg, momwe kernel imalemba madandaulo ake, ndi smartctl -a, yomwe imaonetsa thanzi la disiki, makamaka Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector. fio ikadutsa, disiki mwaichotsa pa mlandu.

Tsopano za magetsi. Mukatumiza katundu kumudzi pa basi ya ku Blantyre, kondakitala akalandira n'kukupatsani risiti, katunduyo sanafike. Akadali ndi Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kutsogolo. Mumapuma pokhapokha achemwali akaimba foni kuti alandira. Yankho la pempho lolemba, pa fayilo yotsegulidwa mwa masiku onse, ndi risiti ya kondakitala. Limatanthauza kuti zolembazo zili mu page cache, m'memory. Linux imadzuka masekondi 5 aliwonse kukalemba ku disiki, ndipo mwa chizolowezi imalola zinthu kukhala m'memory mpaka masekondi 30 isanazione ngati zakhalitsa. Magetsi akazima mkati mwa nthawi imeneyo, zapita. Foni ya achemwali ndi fsync, pempho louza kernel kuti zolembazo zifike pa disiki penipeni. Pulogalamu yanu isamanene kuti "zasungidwa" yankho la fsync lisanabwere.

Koma pali dzenje. Mukatumiza pempho lolemba ndi la fsync pamodzi, io_uring ili ndi ufulu womaliza fsync poyamba, kulemba pambuyo, ndipo fsync yoteroyo yateteza mphepo. Mwina dikirani yankho la kulemba kenako mutumize fsync, kapena mangirirani awiriwo ndi IOSQE_IO_LINK. Mukamangirira, dziwani kuti kulemba kukalephera kapena kukangolemba theka, unyolo umaduka ndipo fsync imabwerera ndi -ECANCELED. Fayilo ikakhala yatsopano, folda yomwe ilimo nayonso imafuna fsync yake, apo ayi mukhoza kusunga zamkati koma dzina la fayilo n'kusowa.

Nanga fsync yokha ikalephera? Musangobwereza n'kukhulupirira yachiwiriyo. M'chaka cha 2018 opanga database ya PostgreSQL anazindikira kuti pa Linux, kulemba ku disiki kukalephera, kernel imatha kuwaona ma page amenewo ngati oyera, ngati kuti alembedwa kale ku disiki, ndiye fsync yachiwiri imabwerera ngati zonse zili bwino pomwe zolembazo sizinafike. Anasintha PostgreSQL kuti fsync ikalephera izingoima, n'kudzadzikonza kuchokera mu log yake poyambanso. Ngati akatswiri a database yakale chonchi anakhala zaka zambiri osaliona dzenje limeneli, inu musachite manyazi kuti simunalidziwe. Walira mvula walira matope: tinafuna liwiro, ndipo zonsezi zinabwera nalo.

Poyesa izi, kupha pulogalamu mokakamiza ndi kill -9 sikokwanira, chifukwa pulogalamu imafa koma page cache imatsala n'kudzalembedwa bwinobwino. Kudikira kuti magetsi azime okha nakonso sikuyesa, chifukwa simusankha nthawi ndipo simungabwereze. Ikani Linux mu QEMU, kompyuta yoyerekeza yoyenda mkati mwa yanu, yendetsani pulogalamu mkatimo, iziuza makina akunja nambala ya mzere uliwonse womwe yati wasungidwa, kenako iphani QEMU yonseyo mwadzidzidzi. Mukayatsanso, mzere uliwonse womwe unalonjezedwa uyenera kupezeka. Chitani zimenezi kambirimbiri ndi script. Mukafuna kuzama, device mapper ya mu Linux ili ndi zida zopangidwira ntchito yomweyi. Pangani fayilo, isandutseni disiki ndi losetup, n'kuikapo dm-delay kuti pempho lililonse lizichedwa mwina 200 ms, kapena dm-flakey yomwe imagwira ntchito kwa masekondi angapo n'kuyamba kukana, ndipo ndi drop_writes imameza zolemba mwakachetechete. dm-log-writes imasunga kulemba kulikonse motsatana kuti mudzabwezere disiki pa malo aliwonse n'kuona ngati fayilo ikuwerengeka. Opanga ma filesystem a ext4, XFS ndi Btrfs amagwiritsa ntchito zida zimenezi m'mayeso awo a xfstests.

Simunafunse za pulogalamu kuuma osayenda, koma zidzakupezani. strace, chida choonetsa zomwe pulogalamu ikupempha kwa kernel, pano imaona io_uring_enter yokha, osati zomwe zili m'mapemphowo, ndiye musadabwe ikamaoneka ngati ilibe chonena. Gwiritsani ntchito ma tracepoint a io_uring kudzera mu trace-cmd kapena bpftrace, ndipo pansi pake pali blktrace, yomwe imaonetsa pempho likulowa pa mzere ndi Q, likupita ku disiki ndi D, likumalizidwa ndi C. Nthawi ikamatayika pakati pa D ndi C, ndi disiki. Ngati pempho silinafike n'komwe pa Q, yang'anani kumtunda, ndipo kawirikawiri mupeza kuti munakonza pempho n'kuiwala kuitana io_uring_submit, kapena mukudikira mayankho ochuluka kuposa mapempho omwe munatumiza. Process ikaoneka ndi D mu ps, D wina wotanthauza kuti yauma ikudikira mu kernel, werengani /proc/PID/stack ngati root. Kernel nayo imadandaula mu dmesg ntchito ikauma kupitirira masekondi 120, ngati chochenjezacho chinayatsidwa.

Ndinene maganizo anga mosabisa, achimwene. Shopu yogulitsa zinthu mazana angapo pa tsiku siifuna io_uring. Ndalama za amalume zisungeni mu SQLite kuyambira sabata ino, chifukwa maenje onse ndatchulawa ena anagweramo kale n'kuwakwirira, ndipo ngati n'kotheka pakhale ka UPS, kabatire kogwirizira magetsi akazima, pa kompyutayo. Koma kapulogalamu kanu musakataye. Munthu wofika pofunsa funso lomwe mwafunsali ali pa njira yabwino, ndipo anthu odziwa zimenezi ndi ochepa kuno. Kapitirizeni pa laputopu, yambani ndi mprotect madzulo ano, kenako kachigawo kabodza kaja. Seed yoyamba yomwe igwetse pulogalamu munditumizire pamodzi ndi function yanu yolandira mayankho, tidzaione limodzi. Mukawapatse moni amalume.